Lamba wa Siliva wa Zelipa

Ba Mulenga, tsekani pakamwapo, zingalowemo ntchentche. Sindinayambe n'komwe, inu mano ali kale panja, vuto la kudya anyani ndi limenelo. Eya, ife a kum'mawa timadya mbewa, tavomera, koma mbewa siseketsa munthu pamaso pa akulu. Siyani kaye nsoloyo, miyalayo sithawa. Mwati burashi si ntchito ya mwamuna? Mwati amene anakhetsa thukuta m'dziko muno ndi inu nokha a ku migodi? Chabwino. Lero mumva chimene dzanja ili linachita muno m'Kabwata, ndipo amene akuti ndi bodza aimirire pompano, apite akafunse ku Chilenje, akafunse ku Kamwala, akapanda kukhutira akwere minibasi akafunse kumanda ku Chunga, poti ambiri amene anaona ndi maso awo anasamukira kumeneko. Koma musavutike n'kupita kutali. Ba Tembo ali apawa anali neba wanga, khoma limodzi, mpopi umodzi. Ine Layisoni Sakala ndikanama, iwowa anditsutse.

Zinali m'masiku a chipani chimodzi, nthawi imene ukaona mzere unkayamba waimapo, kenako n'kumafunsa kuti akugulitsa chiyani. Ine ndinali wolemba zikwangwani, ndipo kuchokera ku Cairo Road mpaka ku Chelstone kunalibe wondiposa. Ndinajambula buledi pakhoma la bekale ina ku Kamwala, buledi weniweni atasowa mwezi wathunthu, ndipo anthu anafola pakhomapo masiku atatu, amayi ena anabwera ndi tiyi m'botolo, mkulu wina anathyokerapo dzino, mpaka apolisi anadzandipempha kuti ndikajambulepo chuku kuti anthu aziti wawonongeka, abalalike. Ndinajambula mpopi pa bala ina ku Chelstone, m'mawa mwake mwini bala ananditumizira uthenga kuti ndikautseke, madzi alowa m'sitolo ya neba. Mukumva? Koma zonsezo anali masewera. Ntchito yanga yaikulu sinali ya pakhoma ayi, anali lamba wa mwana.

Ine ndi mkazi wanga tinali ndi mwana mmodzi, dzina lake Zelipa. Awiri anatisiya ali makanda, anatsala ndi yekhayo, nayenso anabadwa ndi mtima wofooka. Pa zaka zisanu ndi zinayi anali asanathamangepo. Akayenda kuchoka pakhomo kufika pampopi, milomo inkada bii, n'kukhala pansi kupuma ngati nkhalamba. Anzake akamasewera phada pabwalo, iye ankakhala pakhonde atatambasula miyendo, n'kumaweruza amene waponda mzere. Koma pakamwa, abale inu! Pakamwa anatengera ine ndithu.

Amake ankachapa ndi kusita kunyumba ina ku Woodlands. Ana a kumeneko akatopa ndi timabuku tawo ta zithunzi, tija ta anthu ouluka ovala nsalu kumsana, ankataya, iwo n'kumatola kubwera nato kunyumba. Zelipa Chingelezi sankachimva kwenikweni, koma zithunzi ankaziwerenga kuposa aphunzitsi. Tsiku lina anandiitana, chala chili patsamba.

"Atate, bwelani muone. Uyu ali na lamba, uyu nayeve ali na lamba. Nsalu ni ya mphepo chabe. Mphamvu ili mu lamba."

Ndinati ndi zoona, chifukwa ine mwana wanga sindinkamutsutsa. Anadzipatsa yekha dzina lakuti Namphezi, ndipo anati pa chikondwerero cha ufulu, ana a sukulu akamaguba, iye adzaima kutsogolo atavala zake. Amake anamusokera nsalu ya kumsana kuchokera ku katani yofiira imene adona anataya. Lamba anati apange atate, ndipo aoneke wachitsulo chenicheni, wa siliva ndi golide, mphezi ili pakati. Ndinadziguguda pachifuwa, ndinati mwana wa Sakala adzavala lamba amene Lusaka sanamuonepo.

Kutatsala masabata atatu, miyendo yake inayamba kutupa, kenako mimba. Ndinamubereka ndekha mpaka ku chipatala chachikulu. Anamugoneka pabedi lalitali, anamulowetsa kapaipi m'mphuno, ndipo dokotala anatikokera pakhonde n'kutiuza motsitsa mawu kuti mtima watopa, tisamatalikire. Nditalowanso kuti nditsazike, mwana anandigwira ovololo.

"Atate, mukabwela mubwele na lamba. Nikavala chabe, nizanyamuka."

"Mawa ndibwera naye, mama," ndinatero.

Ba Tembo, ndikunama? Mwaona, angokhala chete, kuvomera kwake n'kumeneko.

Tsono tamverani mmene ndinapezera zipangizo m'dziko limene ngakhale sopo ankabisidwa pansi pa kauntala. Lamba weniweniyo ndinakamutenga kuchigayo ku Chunga, uja amazunguza injini uja, ndipo mwini chigayo atakana kuzimitsa chifukwa amayi anali pamzere, ndinamudula chigayo chikuyenda, ndi lezala lometera ndevu, n'kulumikiza potsalapo mwamsanga moti chigayocho sichinadziwe kuti chabedwa, chinangopitiriza kugaya. Chomangira chapatsogolo ndinapangira chivindikiro cha polishi wa nsapato. Timisomali tokongoletsa tinali zitsekerero za mabotolo, ndinazisasantha ndi chala chachikuluchi. Mphezi ndinaidula pa chitini cha mafuta ophikira, chimene panthawiyo anthu ankachisunga pakabati ngati chithunzi cha ukwati.

Koma siliva! Penti wa siliva, uja timapaka malata ndi mapolo a magetsi uja, anali atasowa Lusaka yense, chifukwa anapita kukakongoletsa misewu ya chikondwerero. Amasitolo a ku Kamwala anandiseka. Ndinayenda wapansi mpaka ku Kabulonga, kumene ndinamva kuti bwana wina wapaka geti, ndinapeza agalu atatu aakulu ngati ng'ombe za ku Makeni, ndinawajambulira fupa pampanda n'kudutsa iwo akulimbana ndi khoma, koma chitini ndinachipeza chouma gwa. Ndiye potuluka ndinakweza maso, n'kuona mwezi wa masana, uja umatsalira kumwamba dzuwa litatuluka kale. Ndinati siliva ndi uyo.

Ndinabwereka makwerero onse a m'Kabwata, a akalipentala, a kutchalitchi, a anthu a magetsi, ndinawasenza mpaka ku Cairo Road, ndinakwera nyumba yaitali kuposa zonse, pamwamba pake ndinawalumikiza ndi chingwe choyanikira zovala cha amake Zelipa, ndinakwera, ndinakwera, akabawi ananditsalira pansi, mphepo inandivula chipewa chimene chinakagwera ku Kafue, makwerero atatha ndinaima pachitini changa, ndinatambasula dzanja n'kupala mwezi ndi mpeni wopalira penti, fumbi lake n'kumagwera m'thumba la ovololo mpaka kudzaza. Mawanga amene mumawaona pamwezi aja ndi mpeni wanga umenewo. Sekani, Ba Mulenga, koma madzulo ano muyang'ane kumwamba mundiuze amene anapala.

Ndili kumeneko ndinayang'ana pansi. Ndinaona njanji itawongoka mpaka kumigodi kwanu, ndinaona kwathu ku Katete, manda a amayi anga atamera udzu, ndipo pafupi pomwepo, pansi pa phazi langa, ndinaona denga la chipatala. Mazenera ndinatha kuwawerenga, ndipo la mwana wanga ndinalidziwa. Ndinatembenuza nkhope n'kuyamba kutsika, poti ntchito inali kundidikira.

Golide sanandivute. Ndinachotsa loko wa mkuwa pachitseko chathu, ndinamupera ndi tupa mpaka anatha yense, ufa wake n'kuusakaniza ndi vanishi. Nyumba inakhala yosakhoma, koma wakuba akanabamo chiyani?

Tsopano tcherani khutu, inu amene mumati kupenta n'kungopaka. Munthu wosadziwa akafuna kuti chinthu chioneke ngati chitsulo amangothira siliva phwaa, kenako n'kumadabwa chikuoneka ngati nsomba yofa. Ayi. Umayamba wapaka wakuda, lamba yense bii, n'kumusiya aume, chifukwa siliva amawala bwino akakhala ndi mdima pansi pake. Kenako umaviika nsonga yokha ya burashi, n'kuipukuta pachisanza mpaka uganize kuti palibe chatsala, ndiye n'kumangoidutsitsa mopepuka pamwamba, m'mphepete mwa zitsekerero, pamsana pa mphezi, kuti m'makwinya mutsale mdima. Pansi pa kamsomali kalikonse umalemba kamzere ka mwaye, ndiwo mthunzi wake. Pamwamba pake umaika kadontho koyera, kamodzi kokha, ndipo timadontho tonse tiloze mbali imodzi, poti dzuwa ndi limodzi. Golide umamuika mochepa, m'mbali mwa mphezi ndi pakamwa pa chomangira basi, ukachulutsa amaoneka ngati dzino la wamalonda. Pomaliza umapera mtima wakuda uja wa batire la tochi, n'kutikita ndi chala, ndiye chitsulo chimaoneka kuti chinamenyapo nkhondo. Burashi ya timizere ting'onoting'ono ndinaipanga ndi ubweya utatu wa m'khutu la mbuzi, ndipo mbuziyo ndinaizula ikuthamanga.

Amake Zelipa ankagona kuchipatala, pansi pa bedi la mwana, m'mawa n'kupita ku Woodlands kukachapa, masana n'kudzera kunyumba kudzaphika phala loti apite nalo. Tsiku lachitatu anandipeza nditawerama pakhonde, burashi ili kukamwa.

"Atate ake Zelipa, mwana akufunsa."

"Mumuuze penti sanaume. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anayang'ana lamba, anayang'ana ine, anatenga phala lawo n'kumapita.

Lachinayi ndinamutulutsa panja kuti aume bwino, ndipo dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Abale inu! Nditangomupachika pa mtengo wa malubeni, m'Kabwata munatuluka dzuwa lachiwiri. Munthu aliyense anali ndi zithunzithunzi ziwiri, china kutsogolo china kumbuyo, oledzera n'kumapatsa moni zonse ziwiri, zovala zimene amayi anali asanafinye n'komwe zinauma zili m'beseni, mpendadzuwa wa ku Makeni unafulatira dzuwa la Mulungu n'kuloza kunyumba kwanga, nkhuku zinaikira kawiri tsiku limodzi chifukwa zinkaona ngati kwachanso, wakhungu wa pamsika anaona mkazi wake koyamba n'kubwera kudzandipempha kuti ndimubwezere khungu lake, ndipo ndege imene inkapita kubwalo la ndege inazungulira denga langa katatu, woyendetsa akufunsa ndi manja ngati angatere pamenepo. Mukumva? Ba Tembo anaphimba zenera lawo ndi bulangeti, afunseni.

Sipanapite nthawi anatulukira achinyamata a chipani, poti masiku amenewo kunali mantha a ndege za adani zochokera kum'mwera, ndipo chilichonse chowala chinkakhala mlandu.

"Ba mdala, ni chani ichi? Muitana ndeke za adani, ai? Kadi ya chipani ili kuti?"

 Ndinali nditaphimba lamba ndi chisanza, ndinangokweza ngodya imodzi, pang'ono chonchi, ndipo onse asanu ndi mmodzi anabwerera atagwirana malaya kumbuyo, wakutsogolo akufunsa ana njira. Madzulo ake anabwera wapampando wa chipani yekha, chipewa chili m'manja, kudzapempha kuti ndimubwereke lamba akawalitsire msonkhano. Ndinati pepani bwana, si wanga, mwini wake ndi Namphezi, ali kuchipatala akudikira.

Tsono ndiuzeni inu anzeru, chinthu chotere ndikanalowa nacho bwanji m'chipatala? Muja muli madokotala ogwira mipeni, muli anamwino obaya jekeseni, ndikanawathobwa m'maso, anthu n'kudulidwa miyendo yabwinobwino. Panafunika kumuweta kaye. Ndinasakaniza vanishi ndi mwaye, ndinamupaka kuti kuwala kufatse, ndipo vanishi naye amafuna nthawi yake.

"Atate ake Zelipa, akufunsa."

"Sanaume."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero amake.

"Kuthamanga si kufika," ndinawabweza, poti miyambi nanenso ndinali nayo.

Nditamuweta, ndinapeza kuti ndamuwetetsa, mphezi yanyala ngati masamba a dzulo. Ndinayambanso, siliva m'mphepete, kadontho koyera, kadontho koyera, kadontho koyera. Ndangomaliza, ntchentche inateramo n'kusiya mapazi. Inu simukanawaona, koma ine ndinawaona, asanu ndi limodzi, ndipo mwana wa Sakala sakanavala lamba wopondedwa ndi ntchentche. Ndinapala ndi kuyambiranso. Sabata yoyamba inatha choncho, yachiwiri inalowa.

Ndiye panabuka vuto lina. Paja fumbi lija linali la mwezi, ndipo linayamba kukumbuka kwawo. Ndikamuika patebulo, lamba ankanyamuka yekha pang'onopang'ono mpaka kukagunda malata. Ndinamupsinja ndi njerwa, ananyamuka ndi njerwa zomwe, ndinamumangirira kumwendo wa bedi, bedi linaima ndi miyendo iwiri, ndinamumangirira kumtengo wa malubeni, mizu inayamba kutuluka m'nthaka, ndinamukhalira ine mwini, ndipo anthu opita kumsika anandiona ndikudutsa pamwamba pa mipanda nditakhala mwaulemu, kapu ya tiyi ili m'manja, mpaka ndinakakodwa pa waya wa magetsi ku Chilenje. Kodi lamba wolusa chotere n'kumumanga m'chiuno mwa mwana wodwala? Panafunika kumulemeretsa ndi golide wina. Golide nayenso amafuna nthawi yake.

Tsiku lina amake anabwera ndi kachingwe ka ubweya woluka, kali ndi mfundo ziwiri. Anati mwana wadziyeza yekha m'chiuno, akuti mimba yakula, mwina atate akuchedwa chifukwa akuopa kuti lamba sakwana, ndiye nawu muyezo watsopano, aboole mabowo ena. Ndinakalandira kachingweko. Mfundo yoyamba inali ya chiuno chimene ndinkachidziwa, yachiwiri inali patali ndi chikhatho changa chonse. Mtima unandiwawa, abale, unandiwawa zedi, sindikubisirani. Ndinaboola mabowo atatu ndi msomali wamoto, ndipo bowo lililonse linafunika kamkombero kake ka siliva, ndi mthunzi wake, ndi kadontho kake.

"Tiyeni limodzi lero," anatero amake. "Mukangomuonetsa, ngakhale asavale."

"Mukufuna apake zofunda za boma? Mawa."

Ba Mulenga, bwanji mwasiya kuseka? Nkhani ikadalipo, ndipo kokoma sikunafike.

Sabata yachitatu amake anasiya kupita ku Woodlands. Ankangobwera kudzasintha chitenje n'kubwerera, maso atalowa m'kati. Ine ndinali pakhonde pomwe paja, kuyambira dzuwa kutuluka mpaka kulowa, ndipo dzanja langa linali litafika poti pa chitsekerero chimodzi ndinajambulapo Kabwata yense, nyumba ndi nyumba, msika, mpopi wathu, ana akusewera phada, ndi kamtsikana kali pakhonde, zonsezo m'kati mwa kadontho koyera kamodzi. Kutatsala masiku atatu kuti chikondwerero chifike, amake anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali. Ndinadikira kuti anene mawu awo aja, yankho ndinali nalo kale pakamwa.

"Lero sanafunse lamba," anatero. "Wafunsa inu."

Burashi inalakwitsa mzere. Ndinawalozera. Ndinati mwaona zimene mwandichititsa, tsopano ndiyambirenso apa.

Koma tamverani tsiku la chikondwerero! M'mawa ndinamukulunga lamba m'bulangeti, ndinamusenza, ndinalowa pageti la chipatala alonda akuchitira sawatcha, ndinafika pabedi, ndinamumanga mwana wanga m'chiuno pa bowo lachitatu, ndipo atangomva chomangira chikuti khethe, anazula kapaipi kaja, anaponda pansi, anamanga katani yake yofiira m'khosi, anatulukira pazenera, anauluka pamwamba pa Woodlands adona akugwetsa makapu, anazungulira Kabulonga agalu aja akulira, anadutsa Cairo Road magalimoto onse ataima, anatsika pabwalo la sukulu ana akuguba, ng'oma zinasiya zokha, anaima kutsogolo manja ali m'chiuno, milomo ili yofiira ngati ya mwana wina aliyense, kenako anathamanga, abale, anathamanga, mwana wanga anathamanga kuchoka pasukulu mpaka pampopi wathu osapuma, anasewera phada mpaka anzake onse anatopa, anaponda mzere dala n'kuseka, anandiitana kuti atate bwelani muone, atate bwelani muone, atate...

Ba Tembo, musandiyang'ane choncho. Zaka zonsezi ndakhala ndikuinena nkhaniyi inu muli pomwepo, ndipo simunanditsutsepo ngakhale kamodzi. Mukananditukwana bwenzi zili bwino. Bokosi lija munakhoma ndinu, ndi matabwa a shelefu yanu, ndikudziwa. Ndipatseni madziwo.

Sanafike pa chikondwerero. Kutatsala tsiku limodzi, dzuwa lili paliwombo, ndinaona amake akubwera mumsewu, akuyenda pang'onopang'ono, bulangeti lopinda lili pamutu, kambale ka phala ndi katani yofiira zili m'manja. Munthu akamachokera kuchipatala ndi bulangeti lopinda safunsidwa. Sanalire pamsewu, sanandiyang'ane. Anatula katundu pakhonde, anapita pamene ndinapachika lamba, anavula duku lawo loyera la chigwirizano, analikulunga kuchala, n'kutikita pa mphezi paja mwamphamvu, kutikita, kutikita, ngati akutsuka mphika. Kenako anatambasula duku lija patsogolo panga. Linali loyera mbee.

"Anauma liti?" anandifunsa.

Sanandifunsenso mpaka tsiku limene iwonso anapita. Ndikuyankha lero. Siliva uja sanali wa kumwezi, ndinakokota pansi pa chitini chakale cha penti wa malata n'kuthiramo palafini, ndipo penti wa malata padzuwa la Okutobala salinda ngakhale ola limodzi, wolemba zikwangwani aliyense amadziwa. Kuchoka pakhonde panga kufika pageti la chipatala unali ulendo woti fodya mmodzi akanatha ndili pakati, wachiwiri ndafika. Koma tsiku loyamba lija ndinaona kapaipi m'mphuno mwa mwana wanga, ndinamva mmene ankapumira, ndipo ndinachita mantha. Ndinkaopa kumuona akutha. Ndinkaopanso kuti ndikamumanga lamba uja, iye n'kuyesa kunyamuka n'kulephera, adzandiyang'ana. Ndiye ndinabisala kumbuyo kwa burashi masabata atatu, bambo wamkulu ndi ndevu zanga.

Anamwino anauza amake kuti masiku omalizawo kunali amuna ena ovala maovololo amene ankapaka laimu m'makonde a chipatala, kukonzekera chikondwerero chomwecho. Aliyense wa iwo akadutsa pakhomo la wodi, mwana wanga ankadzutsa mutu.

Penti uja anauma Lachinayi loyamba lija, Ba Mulenga. Ndinamukhudza ndi chala changa ichi, ndipo ndinadziwa.